Kodi wodwala impso angapake nyama ya m'chitini pa buledi?

Mayi wina watilembera imelo. Amuna ake anawapeza ndi matenda a impso, sanayambe dayalisisi (kusefa magazi ndi makina impso zikalephera), ndipo tiyi wam'mawa samumwa popanda buledi wopaka nyama yogaya ya m'chitini kapena poloni. Akufunsa ngati kungochepetsa n'kokwanira.

Mayi, zimenezi zichoke pa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Vuto loyamba ndi mchere. Wodwala impso sayenera kupitirira mamiligalamu 2,000 a sodium patsiku. Amenewa ndi magalamu 5 a mchere, supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo ndi wa m'buledi momwe. Tembenuzani chitini muone sodium wa pa magalamu 100: akadutsa mamiligalamu 600 ndiye kuti wachuluka, ndipo zambiri mwa zopakazi zimadutsa. Impso zofooka zimalephera kutaya mcherewo, madzi amatsalira m'thupi, mapazi n'kutupa, BP n'kukwera.

Koma chomwe anthu ambiri sachidziwa ndi phosphate, yemwe ndi phosphorus wochita kuthira m'zakudya. Opanga amamuthira kuti nyama isunge madzi, izipakika bwino. Phosphorus wachilengedwe wa mu nyama thupi limatengako pafupifupi theka, pomwe wothirayu amalowa pafupifupi yense. Akaunjikana m'magazi amachotsa calcium m'mafupa, amaumitsa mitsempha, ndipo khungu limayabwa usiku wonse. Kuchuluka kwake nthawi zambiri salemba pachitini, choncho werengani mndandanda wa zosakaniza. Mukaona mawu okhala ndi "phos", kapena manambala a zothiramo awa: E338 mpaka E341, E450, E451 ndi E452, bwezani pa shelefu. Zopangidwa ndi chiwindi ndiye zoopsa kawiri, poti chiwindicho pachokha chili ndi phosphorus wambiri.

Musathamangirenso zolembedwa kuti mchere ndi wochepa. Kawirikawiri m'malo mwake amaikamo potassium chloride (E508), ndipo potassium akakwera m'magazi amasokoneza kagundidwe ka mtima. Chidulo cha phulusa chophikira therere chilinso m'gulu lomweli.

Pangani chopaka chanu. Wiritsani chidali cha nkhuku chopanda chikopa m'madzi opanda mchere kapena kyubu yokometsera ndiwo, mpaka chipse n'kufewa, msuziwo mutaye. Nyenyani magalamu 100, sinjani ndi supuni ziwiri za mafuta ophikira, kachidutswa ka adyo, anyezi wokazinga pang'ono ndi madontho a ndimu. Chikauma, onjezani madzi owiritsa, osati mkaka. Sungani mufiriji m'kabotolo kotseka, chisadutse masiku atatu. Magetsi akazima tsiku lonse, tayani.

Nacho chodzipangirachi chili ndi muyezo. Amene sanayambe dayalisisi amalangizidwa magalamu 0.8 a puloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi, ndiye bambo wolemera makilogalamu 60 malire ake ndi magalamu 48 patsiku. Nkhuku yophika ya magalamu 100 ili ndi pafupifupi 30, choncho kabotoloko kakhale ka masiku atatu. Akadzayamba dayalisisi muyezowo udzakwera. Mapeyala ndi chiponde musaziyese njira yothawirako musanaone zotsatira za magazi za potassium ndi phosphate. Pa ulendo wotsatira wa kukiliniki, pemphani adokotala akuwerengereni manambalawo.