Joseph Wright anadya za luso lake ali kwawo ku Derby

Achimwene, mwafunsa ngati wojambula nkhope za anthu ku England m'zaka za m'ma 1700 akanatha kupeza chakudya osakhala mu London. Ankatha ndithu, ndipo Joseph Wright ndiye umboni.

Anabadwira ku Derby mu 1734. Luso analiphunzira mu London kwa Thomas Hudson, yemwenso anaphunzitsa wojambula wotchuka Joshua Reynolds, koma Wright sanakhazikikemo. Anagwirako ntchito ku Liverpool, n'kukaona Italy, kenako mu 1775 anayesa mwayi ku Bath. Kumeneko makasitomala anasowa, moti mu 1777 anabwerera kwawo, komwe anamwalira mu 1797.

Omwe ankamupatsa ntchito anali anthu a m'chigawo chake chomwecho: madokotala, eni malo, eni mafakitale. Anajambula dokotala Erasmus Darwin, komanso Richard Arkwright, mwini mafakitale a thonje ku Cromford, atakhala pampando, kachitsanzo ka makina ake opotera ulusi kali pambali. Chithunzi chimenechi ine chimandigwira mtima, chifukwa sanamukometse; mimba ndi nkhope zili momwe munthuyo analili.

Mukadzafika ku Derby Museum, mukaone chithunzi cha ana akuyang'anitsitsa chipangizo chosonyeza kayendedwe ka mapulaneti, nyale ikuwaunikira kumaso mumdima.