Kodi Ndisiye Kumvera Nyimbo za Ena Kuti Ndipeke Zangazanga?

Mnyamata wina amene wangoyamba kupeka nyimbo wandilembera kalata yodandaula kuti nyimbo iliyonse imene waimbira anzake, iwo amamuuza kuti ikumveka ngati ya woimba wina amene iye amamukonda kwambiri. Akufunsa ngati kuli bwino kuti aleke kaye kumvera nyimbo za ena mpaka atapeza kaimbidwe kakekake.

Achimwene, musaleke. Mmene ndikuonera, vuto lanu ndi lakuti makutu anu azolowera munthu mmodzi yekha, choncho dzanja likangogwira gitala limathamangira komwe iyeyo amapita. Mankhwala ake ndi kumvera oimba ambiri, makamaka a mitundu ya nyimbo imene simuikonda kwenikweni. Johann Sebastian Bach, wopeka nyimbo wa ku Germany, ali mumzinda wa Weimar cha m'ma 1713, ankatenga nyimbo za Vivaldi wa ku Italy n'kuzilembanso kuti ziziimbidwa pa limba, komabe nyimbo zimene anapeka pambuyo pake sizimveka ngati za Vivaldi, chifukwa m'mutu mwake munalinso nyimbo za m'tchalitchi cha Lutheran ndi kaimbidwe ka Buxtehude, katswiri woimba limba, amene anamuyendera ulendo wapansi mpaka ku Lübeck mu 1705.

Dziwaninso kuti zambiri zimene mukuopa kuti mwaba zilibe mwini. Pa kiyibodi pali manoti 12 okha amene amangobwerezedwa, ndipo nyimbo zosawerengeka zimayenda pa makodi (manoti angapo oimbidwa pamodzi) atatu kapena anayi omwewo. Mu 2023 khoti la ku New York linapeza kuti Ed Sheeran sanabe nyimbo imene Marvin Gaye anapeka ndi Ed Townsend, ngakhale kuti makodi a nyimboyo ndi a nyimbo ya Sheeran amayenda mofanana kwambiri.

Pofunika kusamala ndi pa chuni, mzere uja umene munthu amatha kuung'ung'udza akuyenda, ndipo apa wopeka woona mtima akhoza kugwa osadziwa. George Harrison, amene anali wa gulu la The Beatles, anatulutsa nyimbo ya My Sweet Lord mu 1970, koma mu 1976 woweruza anagamula kuti chuni chake chinachokera mu He's So Fine, nyimbo imene gulu la The Chiffons linatchuka nayo mu 1963. Woweruzayo anavomereza kuti Harrison sanachitire dala, kungoti nyimbo imene anaimva kale inabwerera m'maganizo mwake ngati yatsopano, koma mlandu unamugwerabe. Paul McCartney, mnzake wa m'gulu lomwelo la The Beatles, anachenjera nazo zimenezi, pakuti atadzuka m'tulo ali ndi chuni cha nyimbo ya Yesterday, anakhala akuimbira anthu odziwa nyimbo kwa milungu ingapo, akuwafunsa ngati anachimvapo kwinakwake, asanakhulupirire kuti n'chake.

Inunso chitani chimodzimodzi, koma mumvetsetse bwino yankho limene mupatsidwe. Anzanu akatchula dzina la woimba lokha, ndiye kuti mwatengera kalankhulidwe kake, monga mwana amatengera mawu a bambo ake, ndipo zimenezo zimachepa zokha mukamapeka nyimbo zambiri. Akatchula nyimbo yeniyeni n'kuyamba kuiimba motsatana ndi yanuyo, bwererani mukaikonze. Kusintha liwiro kapena kukweza kiyi sikuthandiza, chifukwa khutu limazindikirabe chuni. Sinthani kumene mzerewo ukukwera ndi kutsika, utali wa manoti, ndi malo amene woimba akupumira. Nthawi zambiri ndimalangiza kuyambira pa mawu, popeza chiganizo chimene mwalemba nokha chili kale ndi kukwera ndi kutsika kwake, ndipo chimakana kulowa m'chuni cha munthu wina.

Ngati mbali imene yafananayo mwaikonda kwambiri moti simungaisiye, pemphani chilolezo kwa mwini wake musanalowe mu situdiyo, mugwirizane polemba za gawo lake la ndalama, ndipo dzina lake lilembedwe pamodzi ndi lanu monga wopeka nawo.