London mpaka Lilongwe: werengani maola onse, osati a m'mwamba okha

Inu amene mwafika kumene kuno ku UK, tsiku lidzakwana loti mupite kumudzi, kaya kutchuthi, kuukwati kapena kumaliro. Musanapemphe masiku kuntchito, dziwani kuti palibe ndege yonyamuka ku London n'kukatera ku Lilongwe osaima pena. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 8,000, moti ikanakhalapo yolunjika bwenzi tikufika m'maola 10 okha. Koma kulibe, ndiye tonse timadzera kwina.

Ambirife timadzera ku Addis Ababa pa Ethiopian Airlines. Kuchoka ku Heathrow ndi maola pafupifupi 8, nthawi zambiri usiku, kenako ena pafupifupi 4 kukafika ku Kamuzu International Airport. Ya Kenya Airways imatenga maola 8 ndi theka kufika ku Nairobi, n'kutsala awiri ndi pang'ono. Njira ya Johannesburg ndiyo yotopetsa: maola 11 mukupitirira dziko lanu kulowera kumwera, kenako awiri ndi pang'ono kubwerera kumpoto. Ine ndimaitenga pokhapokha mtengo ukatsika kwambiri.

Chimene chimasokoneza obwera kumene ndi nthawi yolembedwa pa tikiti. Nthawi iliyonse pamenepo ndi ya dziko limene ndegeyo ikunyamukira kapena kutera. Ku Addis Ababa ndi ku Nairobi ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi. Malawi nayo ili patsogolo pa UK ndi maola awiri m'nyengo yozizira, koma ola limodzi lokha kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala, poti kuno amasuntha mawotchi. Mukangochotsera nthawi yonyamukira pa nthawi yoterera mudzapeza zolakwika, ndipo achimwene anu okakuchingamirani ku Lumbadzi adzauma ndi dzuwa.

Pamwamba pa zonsezi onjezani maola 3 ofikiratu pabwalo, nthawi yodikira ndege yachiwiri, ndi sitima kapena basi ngati mumakhala ku Leeds kapena ku Glasgow. Wa ku Mzuzu akatera amakhala asanafike, msewu wa M1 umamudyera maola ena pafupifupi 5. Mukawonkhetsa, tsiku lathunthu lapita popita, lina pobwerera. Tchuthi cha sabata imodzi ndiye kuti kumudzi mukhalako masiku asanu, ndipo azakhali onse akufuna muwayendere.

Pogula tikiti, musakopeke ndi kudikira kwa ola limodzi pakati pa ndege ziwiri. Ndege yoyamba ikachedwa pang'ono, inu mukhoza kuthamanga n'kukwera, koma masutikesi anu atsala. Maola awiri kapena atatu ndi abwino. Ndiponso ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi. Mukadula awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama, ndege yachiwiri ikakusiyani palibe kampani imene ili ndi udindo wokukwezani ina, mudzagulanso ndi ndalama zanu.

A ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, yang'anani kaye ndege zotera ku Chileka musanasankhe Lilongwe. Ngakhale itakwererako mtengo, mwapewa maola 4 kapena 5 a pamsewu ndi katundu. Ndipo ngati mwasintha pasipoti, lembetsani yatsopanoyo pa akaunti yanu ya UKVI (nthambi ya boma la UK yoona za ma visa) musananyamuke, chifukwa pobwerera a ndege amaona eVisa yanu (visa ya pa intaneti) kudzera pa pasipotiyo asanakuloleni kukwera.