Kodi ukwati womangidwa ku South Africa ungavomerezeke kuno?

Funso: Akonzi, mwana wanga wamwamuna yemwe amagwira ntchito ku Cape Town adamanga ukwati ndi mwamuna mnzake kumeneko. Akadzabwerera kumudzi, kodi boma lidzawatenga ngati banja? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, boma silidzawatenga ngati banja. Dziko la South Africa lidavomereza maukwati otere mu 2006, choncho kalata yawo ndi yovomerezeka kumeneko, koma lamulo lathu la maukwati la 2015 limati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi basi.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ndime 153 ya malamulo a milandu imapereka chilango chofika zaka 14 m'ndende kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo mu 2024 khoti lomasulira malamulo oyendetsera dziko lidakana kuchotsa ndimeyi.

Pa nkhani ya chuma, mwana wanu atamwalira osalemba wilo, mnzakeyo sangalandire chuma chamasiye cha kuno ngati wapabanja, ngakhale atakhala kuti adamanga nyumbayo pamodzi. Muwalangize kuti akaonane ndi loya asananyamuke, alembe wilo ndi kuika maina onse awiri pa zikalata za katundu wawo.