Kodi agogo anga ndiwatchule pa tsamba liti?

Mtsikana wina wa ku yunivesite wandilembera kalata. Akufufuza za thangata, ndipo akudabwa kuti m'magazini a akatswiri a mbiri ya nthawi ya atsamunda, mayina otchulidwa m'munsi mwa tsamba amangokhala omwewo, ambiri akunja. Akufunsanso kuti nkhani yake aitumize kuti.

Achemwali, mwandikumbutsa chilonda chakale. Agogo anga aakazi, a ku Chiradzulu, ankatifotokozera madzulo zimene mayi awo anaona ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, kumene anthu ankalima thonje pofuna kulipira malo okhala, John Chilembwe asanaukire mu Januwale 1915. Nditakula ndinazilemba bwinobwino n'kutumiza ku magazini ina. Wounika anabweza, akuti mawu a agogo alibe umboni, ndionjezere mabuku odziwika. Ndinalira, sindinama. Ndinawachotsa agogo aja, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Nkhaniyi inayamba kale. Magazini ya Nyasaland Journal itayamba kutuluka mu 1948, olembamo ambiri anali mabwanamkubwa a maboma, amishoni ndi eni maesiteti, anthu ngati W. H. J. Rangeley. Amene ankawauza mbiriyo anali mafumu ndi nkhalamba zathu, koma dzina lotsala papepala ndi la wogwira cholembera. Wobwera pambuyo amatchula Rangeley, winanso amatchula amene anatchula Rangeley, basi mzere n'kumatalika.

Sindikunyoza buku la Shepperson ndi Price la 1958 lonena za Chilembwe, kapena ntchito ya John McCracken pa mbiri ya Malawi. Anagwira ntchito yaikulu ndipo muyenera kuwawerenga. Koma Samuel Ntara analemba Mbiri ya Achewa m'Chichewa, George Mwase analemba za Chilembwe cha m'ma 1930 ngakhale zinadzasindikizidwa mu 1967. Angati amayambira pamenepo? Ndiye pali vuto la ndalama. Journal of African History, yomwe inayamba mu 1960, imasindikizidwa ku Cambridge, ndipo wophunzira wa ku Zomba amafika pa intaneti n'kupeza kuti nkhani yokamba za mudzi wake ikufuna madola. Zimenezi n'zolakwika, ndipo sindisintha maganizo.

Tsono mutumize kuti?

Yambani ndi Society of Malawi Journal, yomwe ndi Nyasaland Journal yakale ija. Werengani Kings Phiri ndi Owen Kalinga, akatswiri a mbiri a kuno kwathu, muwatchule. Pitani ku National Archives ku Zomba. Ndipo nkhalamba iliyonse imene mwacheza nayo, ikalola, lembani dzina lake, mudzi ndi tsiku. Wounika akadandaula, inu musaichotse.