Musathamangire nambala ya 44 ija

Mwafunsa ngati felemu yakale ya magalasi ya cat eye (yokhala ndi nsonga zokwera m'mwamba ngati maso a mphaka) yolembedwa 44-20 ingakukwaneni, pomwe magalasi anu a lero ndi 52. Ine ndinganene kuti musaweruze ndi nambala yoyambayo yokha.

44 ndi m'lifupi mwa galasi limodzi m'mamilimita, 20 ndi mpata wa pamphuno. Mafelemu a m'ma 1950 ndi 1960, monga a makampani a American Optical kapena Bausch & Lomb, ankapangidwa ndi magalasi ang'onoang'ono, koma nsonga zokwera m'mwambazo zimawonjezera m'lifupi wonse. Choncho yesani ndi rula magalasi amene amakukwanani bwino, kuchokera pa hinji ina kufika pa inzake, kenako mupemphe wogulitsayo ayese chimodzimodzi. Zikasiyana ndi mamilimita ochepa, palibe vuto. Utali wa mkono wa felemu wopita kukhutu nthawi zambiri umalembedwa m'mainchesi. 5½ ndi pafupifupi mamilimita 140.

Chimene chimavuta kwambiri ndi pamphuno. Felemu ya pulasitiki ilibe tizipangizo tosuntha, ndiye ikakula imangotsetsereka tsiku lonse, ndipo nsonga zija zikatsika kukongola konse kwatha.

Musanalipire, funsani ngati ikununkha ngati viniga kapena yayamba kuyera ndi kung'aluka. Imeneyo ndi acetate, pulasitiki yopangira felemu, yomwe ikuwonongeka, ndipo imatha kuthyoka akamaitenthetsa poika magalasi atsopano. Ngati mumavala a progressive, oonera pafupi ndi patali pa galasi limodzi, onetsetsani kuti galasi ndi lalitali pafupifupi mamilimita 28 kapena kuposerapo kuchokera pamwamba kufika pansi, chifukwa cat eye zambiri zakale n'zazifupi kwambiri.