Pitani ku England achemwali, koma kamodzi kokha

Achemwali, poyamba tikuyamikireni kuti PhD ija mwaifikitsa kumapeto. Mwafunsa kuti mutenge chiti pakati pa postdoc (ntchito ya kafukufuku ya kontirakiti ya omaliza PhD) ya zaka ziwiri ku England, mu labu yofufuza matenda opatsirana, ndi ntchito ya ulekichala pa imodzi mwa mayunivesite a boma kuno kumudzi. Mwatinso muli pabanja, ana alipo awiri, ndipo supavaiza wanu ku South Africa akukunyengererani kuti mutsale komweko. Ine ndikuti pitani ku England, koma mupiteko kamodzi kokha, ndipo mukangofika muyambe kukonza grant ya dzina lanu yodzagwirira ntchito ku Malawi. Pali zinthu ziwiri zimene zingandisinthitse maganizo, ndizitchula.

Postdoc ndi ganyu. Malipiro ake ndi abwino, ulemu ulipo, koma munda ndi wa wina. Ndalama zimachokera ku grant imene mwini labu, amene amamutcha PI, anapambana. Funso la kafukufuku ndi lake, zipangizo ndi zake, ndipo grant ikatha kontirakiti yanunso yathera pomwepo, ngakhale mutagwira ntchito bwino chotani. Ambiri amalowa poganiza kuti akachita khama adzawalemba ntchito yokhazikika pa yunivesite yomweyo. Mu 2010 bungwe la Royal Society linatulutsa lipoti losonyeza kuti mwa anthu otenga PhD ya sayansi ku Britain, pafupifupi 3.5 peresenti okha ndiwo amadzapeza ntchito yokhazikika ya kafukufuku pa yunivesite, ndipo ofika pa upulofesa sakwana theka la peresenti imodzi. Lipotilo ndi lakale, koma palibe amene ali kumeneko angakuuzeni kuti zinthu zinapepuka. Ndiye mukamapita musapite kukadikira mpando. Mupite kukatenga zinthu zitatu zonyamula pobwerera: luso limene kuno kulibe wokuphunzitsani, mapepala amene dzina lanu lili poyamba, ndi anthu odziwika oti adzasayine kalata yokuchitirani umboni.

Tsopano za ndalama, chifukwa apa ndi pomwe anzathu amagwa nazo asanakwere ndi ndege yomwe. Malipiro a postdoc ku Britain amakhala cha pakati pa mapaundi 35,000 ndi 45,000 pa chaka msonkho usanadulidwe. Mukawasintha kukhala makwacha mutu umazungulira, ndipo achibale akamva amayamba kale kukonza mndandanda wa mafizi ndi malata. Koma pofunsira viza mumalipiriratu ndalama ya chipatala, imene amati Immigration Health Surcharge. Kuyambira February 2024 ndi mapaundi 1,035 pa chaka kwa wamkulu aliyense ndi 776 kwa mwana. Inu, bambo ndi ana awiri, zaka ziwiri, ndi mapaundi 7,244, osawerengera ndalama ya viza yeniyeniyo, matikiti a ndege ndi dipoziti ya nyumba. Zonsezi zimafunika malipiro oyamba asanalowe. Mayunivesite ena amabweza ndalamazi, ena amabweza za inu nokha, ena amangokukongozani n'kumadula pamwezi. Funsani ndipo yankho libwere pa kalata, osati pakamwa. Muwerengerenso zosungitsa mwana, chifukwa kumeneko kulibe mphwanu kapena agogo oti muwasiyire kamwana mukamathamangira ku labu, ndipo malo osungira ana amatha kudya ndalama yofanana ndi lendi.

Mtundu wa viza nawonso muusamale. Viza ya Skilled Worker imakumangirirani kwa amene anakulembani ntchito, ndipo ntchito ikatha kawirikawiri amakupatsani masiku 60 oti mupeze ina kapena mutuluke m'dzikomo. Munthu wa viza yotere savuta kumupondereza, chifukwa ngakhale PI atakhala wankhanza, kudandaula kumaoneka ngati kudzithamangitsa wekha. Ya Global Talent, imene inayamba mu 2020, ndi yanu inuyo, mutha kusintha labu osataya chilolezo chokhala. Ma postdoc ambiri amene ntchito yawo ikulipiridwa ndi mabungwe ovomerezeka amaipeza kudzera ku UKRI, bungwe la boma la Britain lopereka ndalama za kafukufuku. Ofesi yolemba ntchito nthawi zina imangokukankhirani ku Skilled Worker chifukwa ndi imene anaizolowera, ndiye muitchule nokha inayo.

Chachikulu kuposa zonsezi ndi PI mwiniyo. Dzina la yunivesite silidzakuthandizani ngati munthuyo salola ana ake kukula. Lowani pa tsamba la labuyo, muone amene anali ma postdoc zaka zisanu zapitazo, muwasake pa intaneti. Ali kuti lero? Alembereni awiri kapena atatu amene anachoka, osati amene adakali pomwepo, chifukwa amene ali pomwepo sangalankhule momasuka. Kenako PI mumufunse mosapsatira: kodi ndidzaloledwa kulemba fellowship yanga, yopemphera ndalama za kafukufuku m'dzina langa, ndili pa kontirakiti imeneyi? Kodi pali mbali ya ntchitoyi imene ndingadzachoke nayo n'kukhala yanga? Pa mapepala, ndani adzakhale woyamba? Mayunivesite ambiri ku Britain anasayinira mgwirizano wotchedwa Researcher Development Concordat, umene umati wofufuza azipatsidwa masiku 10 pa chaka oti adzitukule yekha, komanso nthawi yomanga kafukufuku wake. Kuutchula pokambirana si mwano.

Pali msampha wina umene umagwira ife makamaka. Ngati labuyo imagwira ntchito ndi magazi, makhololo kapena deta yochokera ku Malawi, adzakukondani kwambiri, ndipo mudzasangalala. Posakhalitsa ndinu womasulira mafomu a chilolezo m'Chichewa, ndinu wolondola mapepala ku makomiti ovomereza kafukufuku a COMREC kapena NHSRC, ndinu woimbira foni anamwino kuti masampulo achedweranji, ndinu wokonza ulendo wa bwana akamabwera ku Blantyre. Zonsezi ndi ntchito zofunika ndipo palibe wina angazichite bwino ngati inu. Koma zaka ziwiri zikatha, dzina lanu lili pakati pa mayina makumi awiri pa pepala, ndipo makina amene munapitira kuti muwadziwe anawagwira ndi ena. Ndinaona mnzathu wina akubwerera chotero, PI akumuyamikira pamaso pa anthu kuti popanda iye polojekiti ikanagwa, koma polemba grant analibe chotsatira chimodzi choti anene kuti ichi n'changa. Thandizani, koma mugwirizane poyambirira kuti masiku angati pa sabata ndi a ntchito yanu ya m'labu ndi yosanthula deta.

Za kutsala ku South Africa sindichedwapo. Kumeneko postdoc m'mayunivesite ambiri satengedwa ngati wantchito. Amalandira ndalama ya fellowship yosadulidwa msonkho, zimene zimamveka zokoma, koma zikutanthauza kuti palibe penshoni, palibe UIF (ndalama yothandizira munthu ntchito ikatha), ndipo inshulansi ya chipatala mumadzilipirira nokha. Komanso kutsala mu labu yomwe munachitiramo PhD, opereka ma grant amakuona ngati simunayambe kuima panokha. Ngati pali mapepala a PhD osamaliza, miyezi ingapo yowamalizitsa ndi yokwana.

Nanga bwanji osangobwera kuno pompano? Ulekichala uli ndi zabwino zake zenizeni. Ntchito ndi yokhazikika, penshoni ilipo, ana akukulira pakati pa abale, ndipo poti a PhD m'madipatimenti ambiri ndi ochepa, kukwera sikuchedwa. Vuto lili pomwepo. Mukangofika akupatsani makosi a chaka choyamba odzaza holo, ana a masters amene akhala akusowa wowayang'anira, makomiti atatu, ndipo chaka chisanathe wina anena kuti Dokotala ndiye akhale mkulu wa dipatimenti. Kukana n'kovuta chifukwa amene akukupemphani ndi amene anakuphunzitsani. Ndalama ya kafukufuku kuchokera ku yunivesite kapena ku boma ndi yochepa kwambiri, bungwe la boma loona za sayansi la NCST limayesetsa koma thumba lake silingayendetse labu. Malipiro ali m'makwacha pamene mankhwala a m'labu amagulidwa m'madola, ndipo mukukumbukira kuti mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Kuitanitsa kabotolo kamodzi ka enzyme, kamene ku England kamafika mawa lake, kuno kumafuna makoteshoni atatu, kudikira forex, kenako kuthamangira ku bwalo la ndege katundu asanasungunuke poyembekezera mapepala a kasitomu. Magetsi akathima usiku mtima umakhala pa firiji ya -80, kuti kodi jenereta yalira, kodi dizilo alimo. Munthu wobwera wopanda grant yake, zaka zitatu zimatha asanalembe pepala latsopano, ndipo pofika nthawi imeneyo mwayi wa ma grant a ofufuza ongoyamba kumene watsekeka.

Komatu musamve ngati ndikunyoza kwathu. Pa nkhani ya matenda opatsirana, sayansi yeniyeni ili kuno, chifukwa odwala ali kuno. Malawi-Liverpool-Wellcome Programme yakhala ikugwira ntchito pambali pa chipatala cha Queen Elizabeth kuyambira 1995. Kuli Blantyre Malaria Project, kuli Johns Hopkins Research Project, ku Lilongwe kuli UNC Project, ndipo MEIRU yakhala ikutsatira umoyo wa anthu ku Karonga kwa zaka zambiri. Katemera wa taifodi amene dziko lathu linayamba kupereka kwa ana onse mu 2023 anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa. Ku England mudzakhala mmodzi mwa mazana odziwa kusanthula majini a mabakiteriya. Kuno mudzakhala mmodzi mwa ochepa, wodziwanso chinenero, zipatala ndi unduna. N'chifukwa chake ndikuti grant mulembere kuno. Mungodziwa kuti m'mabungwe amenewanso ntchito zambiri ndi za kontirakiti yotsamira pa ndalama zakunja. Mu 2021 boma la Britain litachepetsa thandizo lake ku mayiko ena kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, pulogalamu ya FLAIR, imene Royal Society ndi African Academy of Sciences ankathandizira nayo asayansi achinyamata a mu Africa, inathera panjira. Mu 2025 tonse tinaona zimene zinachitika America itadula thandizo lake. Choncho chabwino n'kukhala ndi mwendo umodzi ku yunivesite monga Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), wina ku bungwe la kafukufuku.

Ma grant oti muyang'ane alipo. Wellcome Early-Career Award imalipira malipiro anu ndi ndalama ya kafukufuku kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo mutha kuigwirira pa bungwe la kuno. Chofunika kuchidziwa n'chakuti amafuna munthu amene sanapitirire zaka zitatu za postdoc, ngakhale nthawi ya uchembere amaiganizira. Apa ndi pamene pakuchokera mawu anga oti kamodzi kokha. Postdoc yachiwiri imabwera mosavuta, PI amangoti tapeza kandalama kena, khalani chaka china, ana azolowera sukulu, bambo apeza ntchito, ndipo tsiku lina mupeza kuti simulinso woyamba kumene koma simunakhalenso mwini labu. Onaninso ma fellowship a EDCTP, a Africa Research Excellence Fund, a TWAS, a OWSD amene ndi a amayi asayansi a m'mayiko ngati lathu, ndi mapulogalamu a DELTAS Africa amene amayendetsedwa ndi Science for Africa Foundation ku Nairobi. Malamulo awo amasinthasintha, muziwerenga pa masamba awo enieni. Kuchokera pa kulemba mpaka ndalama kulowa pamatha pafupifupi chaka, ndipo kukanidwa ulendo woyamba si zachilendo. Mukawerengera cham'mbuyo, pa kontirakiti ya miyezi 24 pempho loyamba liyenera kukhala litapita chaka choyamba chisanathe.

Yunivesite imene yakuitanani musaikane mongotseka chitseko. Lemberani a Dean mwaulemu, afotokozereni dongosolo lanu, mupemphe ngati angakusungireni malo kapena kukupatsani udindo wa ulemu wopanda malipiro. Muziyang'anira wophunzira mmodzi wa masters muli komweko, mukabwera ku holide mukapereke semina. Tsiku lofuna kalata ya bungwe lokulandirani pa grant, mudzakhala mukupempha kwa anthu okudziwani. Ndipo ngati zaka ziwirizo zitakuonetsani kuti moyo wosaka ma grant si wanu, palibe manyazi. A PhD ngati inu akufunika ku Public Health Institute of Malawi, ku Africa CDC, ku WHO ndi m'makampani oyendetsa kafukufuku wa mankhwala.

Bambo akunyumba mukhale nawo pansi padera. Viza yawo idzawalola kugwira ntchito, koma kawirikawiri siikhala ntchito ya msinkhu umene anali nawo kuno, ndipo zimenezi zasokoneza mabanja ambiri. Ngati ali pa ntchito yabwino, afunse za tchuthi chosalipidwa m'malo mosiya.

Zinthu ziwiri zija ndi izi. Ngati yunivesite ya ku England ikukana kuthandiza pa ndalama za viza ndi chipatala moti mufunika kulowa m'ngongole ya katapila kuti munyamuke, kapena ngati PI akuzemba funso la fellowship yanu ndi la dzina loyamba pa pepala, isiyeni. Tengani ulekichala, mukambirane zochepetsa makosi chaka choyamba musanasayine, ndipo mugogode ku limodzi la mabungwe ndatchula aja. Mulembereni PI sabata ino, mafunso onse mu imelo imodzi, ndipo akayankha mutiuze muno zimene wanena kuti tione limodzi.